Momwe mungathandizire galu wa zilonda zapakhungu

Madzulo galu amangodzikanda kuseri kwa khutu, m'mawa mukupeza chilonda chofiira, chonyowa, chonunkha, ubweya utamatirira. Zilonda zotere zimakula msanga chifukwa mabakiteriya otchedwa Staphylococcus, omwe amakhala pakhungu la galu nthawi zonse, amalowa pamene zikhadabo ndi mano zang'amba. Chilondacho chimayabwa, galu n'kukandanso, n'kumakulirakulira.

Yambani ndi kumugwira bwino. Pamakhala popweteka, ndipo ngakhale galu wofatsa akhoza kuluma, choncho wina amugwire mutu, inu muvale magolovesi. Metani ubweya pachilondapo ndi m'mbali mwake mpaka muone khungu labwinobwino. Nthawi zambiri mudzapeza kuti chilonda n'chachikulu kuposa mmene chimaonekera.

Kenako tsukani ndi madzi ofunda, muchotse mafinya mosakhula. Pakani mankhwala opha tizilombo otchedwa chlorhexidine, osungunulidwa monga zalembedwera pabotolo, kawiri pa tsiku, koma asalowe m'maso kapena m'kati mwa khutu. Ngati ndi sopo wamadzi wa chlorhexidine, thovu likhale pakhungu mphindi 10 musanatsukuluze. Umitsani ndi nsalu yoyera, ndipo musamange bandeji: chilondachi chimafuna mpweya.

Muvekeni kolala yapulasitiki yooneka ngati fanulo kuti asadzinyambite.

Tsopano funani chomwe chinayambitsa kuyabwako, pakuti mukapanda kutero chilonda chibweranso. Pesani ubweya wa pamwamba pa mchira. Timadontho takuda tomwe timasanduka tofiira mukatiika papepala lonyowa ndi ndowe za utitiri. Yang'anani nkhupakupa, nunkhizani m'makutu. Nkhanambo m'mphepete mwa makutu ndi m'zigongono, ubweya ukuthothoka, zingasonyeze mphere, ndipo mphere ndi zipere zimapatsira anthu, ndiye ana asamunyamule kaye. Mukapeza utitiri, agalu onse apakhomo alandire mankhwala ndipo zogonera zawo zichapidwe ndi madzi otentha, chifukwa mazira amagwera pomwe galu amagona. Chenjerani ngati muli ndi mphaka: mankhwala a agalu okhala ndi permethrin amapha amphaka.

Chimene chimandiwawa mtima ndi kuona galu atapakidwa oyilo wakutha wa galimoto. Amaotcha khungu, ndipo galu akamunyambita amamudwalitsa. Musamupatsenso ibuprofen kapena paracetamol wa anthu, akhoza kumuwononga impso kapena chiwindi.

Pitani naye kwa dokotala wa ziweto ngati pakadutsa masiku awiri palibe kusintha, ngati chilonda chazama kapena chafalikira, kapena galu wasiya kudya. Dokotala amapala pang'ono pakhungu n'kuyang'ana pa maikulosikopu kuti adziwe ngati ndi mabakiteriya, mafangasi kapena tizilombo ta mphere. Akakupatsani maantibayotiki, mumwetseni mpaka tsiku lomwe ananena, ngakhale zitatenga masabata atatu kapena kuposa. Pamwamba pamapola msanga pamene m'kati matenda akadalipo.