Kaphunzitsidwe ka lonjezo la kusonkhanitsa obalalika pa Chigwirizano

Tsiku loyamba limene ndinapatsidwa mutu uwu pa Chigwirizano cha Lachinayi, ndinagwa nawo. Ndinatsegula Yeremiya 29, n'kuwerenga ndime 11 ndi 14 zokha, basi n'kuyamba kulalikira kuti ana athu amene ali ku Joni abwerako chaka chisanathe. Amayi anavomera ndi nthungululu. Titatuluka, agogo ena amene amakhala pa benchi yakutsogolo chifukwa cha makutu anandigwira dzanja pakhonde. "Mwana wanga, bambo akunyumba anapita ku Harare ine ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri. Mwanayo lero ali ndi zidzukulu. Ndiye lonjezo lanulo ine linandidumpha?" Ndinasowa poyang'ana.

Kuchokera pamenepo ndauphunzitsa kangapo, kuno kwathu ku Dedza, ndipo ndilembe mmene ndimachitira tsopano kuti anzanga musagwe m'dzenje lomwelo.

Yambani kukonzekera Lolemba, osati Lachitatu usiku ana atagona. Ndipo musathamangire kokoma. Werengani kaye 2 Mafumu 17, 24 ndi 25, chifukwa munthu sangamve kukoma kwa kusonkhanitsidwa asanaone mmene anthuwo anabalalikira. Tengani pepala lalikulu, ngakhale kuseri kwa kalendala yakale, mulembepo zaka zitatu ndi makala kapena choko: 722, 597, 586. Muwafotokozere amayi kuti zaka za Yesu asanabadwe zimawerengedwa chotsika, apo ayi mudzamva wina akukuwongolerani kuti mwasokoneza. Mu 722 Asuri anagwetsa Samariya n'kumwaza mafuko akumpoto. Mu 597 Nebukadinezara, mfumu ya ku Babulo, anatenga mfumu Yehoyakini ya Yuda pamodzi ndi akalonga, asilikali, amisiri ndi osula zitsulo, anthu 10,000, n'kusiya amphawi okha. Ezekieli anali m'gulu limeneli. Mu 586 Yerusalemu anatenthedwa, kachisi anagwetsedwa, ndipo mfumu Zedekiya anaona ana ake akuphedwa, kenako iye n'kukolowoledwa maso. Pamenepa musachedwepo. Mphindi zisanu zakwana.

Pochedwa ndi apa. Musanatsegule Yeremiya 29, werengani mutu 28 mokweza. Muli mneneri wina dzina lake Hananiya, amene anaimirira m'kachisi n'kunena kuti zaka ziwiri zisanathe akapolo onse abwerako, ziwiya za m'kachisi zomwe. Anafika pochotsa goli limene Yeremiya anavala m'khosi n'kulithyola anthu akuona. Ndani sakanamuombera m'manja? Koma anali kunama, ndipo miyezi iwiri yokha itadutsa anamwalira. Ine ndikafika apa ndimaulula kuti tsiku lija ndinali Hananiya. Amayi amaseka, koma akatero amayamba kumvetsera bwino, chifukwa onse anakumanapo ndi alaliki otchula mwezi ndi tsiku, ena mpaka kufunsa ya mafuta.

Kenako kalata ya Yeremiya kwa akapolo a ku Babulo, ya m'mutu 29. Sankhani mayi wowerenga mosathamanga, ayambire ndime 4. Zimene zili m'kalatamo sizimene munthu wosowa kwawo angafune kumva: mangani nyumba, limani minda mudye zipatso zake, kwatirani, kwatitsani ana anu, ndipo mupempherere mtendere wa mzinda umene mwatengeredwako. Mzinda wake wa anthu amene anakugwirani ukapolo! Kubwerera kulipo, koma patapita zaka 70. Apa imani. Uzani mayi aliyense aphatikize 70 pa zaka zake. Mudzaona nkhope zikusintha. Amene analandira kalatayo ali akuluakulu anadziwa kuti ambiri a iwo adzaikidwa ku Babulo. Ndime 11 imene timaikonda ija, ya malingaliro a mtendere, inalembedwera anthu amenewa, ndipo "inu" wa m'ndimeyo ndi mtundu wonse, ana ndi adzukulu omwe. Mukailekanitsa ndi zaka 70 mwaithyola msana.

Pali funso limene lidzabwera ndithu, ndipo likapanda kutuluka pakamwa ndiye kuti lili mumtima mwa wina. Kodi amene ali kunja ali kumeneko chifukwa cha tchimo? Samalani kwambiri. Ayuda anabalalika chifukwa chothyola pangano, monga Deuteronomo 28 anachenjezera, ndipo mutu 30 unanenanso kuti akatembenuka adzasonkhanitsidwa ngakhale ali kumalekezero a thambo. Koma mwana wanga amene amagwira ntchito yomanga ku Johannesburg sanathamangitsidwe ndi chiweruzo. Anapita chifukwa feteleza anakwera ndipo ntchito kuno inasowa, monganso makolo athu ankapitira ku Wenela. Musamuveke chovala chosakhala chake. Chothandiza apa ndi Yeremiya 24, masomphenya a madengu awiri a nkhuyu. Nkhuyu zabwino ndi aja anatengedwa, osati otsala. Pa Ezekieli 11 otsala ku Yerusalemu ankadzitama kuti dziko ndi lawo tsopano, anzawo ali kutali ndi Yehova, koma Mulungu anayankha kuti iye mwini wakhala malo awo opatulika kumayiko kumene anapitako. Amayi amene ali ndi ana kunja amapuma pamenepa. Enanso amene amanyoza matchona pa maliro amaweramitsa mutu pang'ono.

Anthu akayamba kuwodzera, tulutsani timitengo. Ine ndimadula tiwiri ta bulugamu, kutalika ngati mkono, n'kusenda khungwa mbali imodzi kuti pensulo igwire. Pa kamodzi ndimalemba Yuda, pa kena Yosefe, monga Ezekieli anauzidwira pa mutu 37 kuyambira ndime 15. Ndimapatsa mayi mmodzi wa kumanzere ndi wina wa kumanja, makamaka ngati ndikudziwa kuti salankhulana bwinobwino, ndiye ndimawaitana kutsogolo kuti andipatse. Ndikatigwira m'dzanja limodzi, nsonga ndi nsonga, chibakera chikabisa polumikizira, timaoneka ngati ndodo imodzi. Palibe chifukwa chofotokozera zambiri. Ingokumbutsani kuti maufumu awiriwa, Yuda wakumwera ndi Yosefe wakumpoto, anagawikana Solomo atamwalira ndipo anamenyanapo nkhondo, choncho amene Mulungu akuwasonkhanitsa sanali okondana. Za mafupa ouma a kumayambiriro kwa mutuwo zisiyeni, amayi amazidziwa kale ndipo akayambitsa nyimbo simubwereranso ku phunziro.

Tsopano kubwerera kwenikweniko. Koresi wa ku Perisiya analanda Babulo mu 539, ndipo chaka chotsatira analola Ayuda kupita kukamanga kachisi. Ezara 2:64 akuti msonkhano wonse unali anthu 42,360. Ulendo wake sunali wamasewera: Ezara mwini, amene anabwera patapita zaka pafupifupi 80, anayenda miyezi inayi. Koma ndime imene sindidumpha ndi Ezara 3:12 ndi 13. Maziko a kachisi ataikidwa, achinyamata anafuula mokondwa pamene okalamba amene anaona kachisi woyamba analira mokweza, mpaka munthu wakutali sakanatha kusiyanitsa kulira ndi kukondwa. Funsani amayi ngati anaonapo zotere. Kuno sasowa yankho. Tinakhala ndi anzathu a ku Mozambique amene anathawa nkhondo, anthu pafupifupi miliyoni m'dziko lonse lino, ndipo mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 anayamba kubwerera. Mayi wina amene tinkatunga naye madzi ananyamula mitanda ya denga ndi lichero lake akuvina. Tinakumana naye pa msika wa Lizulu patapita chaka, akuti anapeza mudzi uli tchire, chozindikirira chinali mtengo wa mango wokha.

Musaiwalenso kunena kuti ambiri sanabwerere. Estere ndi Moredekai anali ku Susani Koresi atapereka kale chilolezo. Nehemiya anali wopereka chikho kwa mfumu komweko, koma atamva kuti linga la Yerusalemu likadali chigwere analira, ndipo popemphera anakumbutsa Mulungu lonjezo lomwe lija la mu Deuteronomo 30. Nchifukwa chake ine ndimatsekera kuwerenga pa Yohane 11:51 ndi 52, pamene akuti Yesu adzafera mtunduwo ndi kusonkhanitsa pamodzi ana a Mulungu obalalika, ndi Mateyu 24:31, pamene angelo adzasonkhanitsa osankhidwa kuchokera ku mphepo zinayi. Kumeneko ndiye kumene agogo aja akuloweranso m'nkhani, pamodzi ndi mwamuna wawo amene manda ake sadziwa. Wina akayambitsa mkangano wa dziko la Israel la masiku ano ndi za mu 1948, muuzeni mwaulemu kuti mutu umenewo ukufuna Lachinayi lakelake ndi abusa alipo. Mukaulola udya nthawi yonse.

Siyani mphindi khumi za pemphero, ndipo musalole pemphero la "onse ali kutali". Yendetsani kope, aliyense atchule dzina la wake ndi kumene ali, mlembi alembe. Ena adzati Cape Town, ena Bulawayo, ena adzangoti sitikudziwa. Lembani "sitikudziwa" momwemo. Pempherani dzina ndi dzina, ndipo mupempherenso mtendere wa mizinda imene aliko, monga kalata ija inanenera. Sabata yomweyo amene ali ndi mayunitsi agawane manambala, aimbe kapena atumize mawu pa WhatsApp, osapempha ndalama, kungopereka moni wa mpingo.

Agogo aja ndinawayendera Loweruka lotsatira, nditanyamula shuga ndi Baibulo. Ndinawawerengera kalata yonse kuyambira ndime 4, tili pamkeka akusola mtedza. Nditafika pa zaka 70 anandiimitsa, anawerenga pa zala pang'onopang'ono, kenako anati, "Zanga sizinakwanebe. Pitirizani, mwana wanga."