Kakonzedwe ndi Kasungidwe ka Chakudya cha Mnofu wa Nsomba Chopatsa Nsomba Zoweta m'Thanki ya Galasi

Munthu amene amaweta nsomba zokonda nyama monga oscar, discus kapena angelfish amadziwa mmene zimalimbiranirana chakudya chatsopano kusiyana ndi chouma cha m'mabotolo. Kukonza chakudya chotere kunyumba sikovuta, koma pamafunika kusamala posankha nsomba ndiponso pouika mufiriza, chifukwa mukalakwitsa pamenepa madzi a m'thanki ndi amene amayamba kuonongeka.

Gulani mnofu woyera wopanda mafuta ambiri, monga wa tilapia, cod, hake kapena pollock, ndipo ukhale wosathira mchere, wosawamba komanso wopanda zokometsera zilizonse. Nsomba zonona zimasiya mafuta oyandama pamwamba pa madzi, ndipo mafutawo amayamba kununkha ngakhale ali mufiriza. Palinso vuto lina limene silioneka ndi maso. Nsomba zina, monga carp, goldfish ndi smelt, zili ndi chinthu chotchedwa thiaminase chimene chimaononga vitamini B1, moti nsomba zoweta zikamadya mnofu wotere wosaphika kwa nthawi yaitali zimafooka, zimasiya kudya ndipo zina zimayamba kusambira mopendekeka. Kuzizira sikuthetsa thiaminase, koma kutentha kumaithetsa, choncho ngati mukukayikira mtundu wa nsomba imene mwagula, iphikeni pa nthunzi kwa mphindi zochepa mpaka mnofu utayera wonse.

Chotsani khungu, kenako yendetsani chala pang'onopang'ono pamnofuwo kuti mumve timinga totsalira, ndipo muzule kalikonse kamene mwakapeza. Dulaninso kamzere kofiirira kamene kamadutsa pakati pa mnofu, popeza mafuta ambiri amakhala pamenepo. Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito mnofu wosaphika, uyambe wakhala mufiriza masiku 7 pa madigiri 20 pansi pa ziro kuti nyongolotsi zife. Mafiriza ambiri a m'nyumba amafika pa madigiri 18 okha pansi pa ziro, motero ndi bwino kuwonjezerapo masiku ena. Kuzizira sikupha mabakiteriya onse, ndiye nsomba yoyamba kuvunda itayeni basi.

Njira yachidule ndi kudula mnofuwo m'zidutswa, kuziumitsa mufiriza, n'kumapala pang'ono ndi chopalira karoti nthawi yodyetsa ikakwana. Njira imeneyi ndi yabwino, koma mnofu wokha sukwanira pa zakudya zonse zimene thupi la nsomba limafuna, n'chifukwa chake ambiri amausakaniza ndi masamba.

Pa magalamu 250 a mnofu, konzani magalamu pafupifupi 80 a nsawawa zophika zochotsa makoko pamodzi ndi sipinachi woviika m'madzi owira kwa mphindi imodzi n'kumufinya bwino, ndipo muwonjezere sipuni yaing'ono imodzi ya ufa wa spirulina, womwe ndi mtundu wa ndere. Oweta ena amathiramo adyo kuti nsomba zikopeke ndi fungo, koma kwa ine kachidutswa kamodzi n'kokwanira, ndipo mukamusiya palibe chimene mwataya. Gayani zonsezi m'makina ogayira mwa apo ndi apo, osazisiya mpaka zisanduke madzimadzi, chifukwa chakudya chogayika kwambiri chimamwazika nsomba ikangochiluma, madzi n'kuchita mbuu, zotsalazo n'kukathera mufyuluta yosefa madzi a m'thanki. Tizidutswa tikhale tofanana ndi kukula kwa kamwa la nsomba zanu zing'onozing'ono.

Chomangira chakudyachi ndi jelatini, ufa umene umagwirana ukasungunulidwa m'madzi n'kuzizira, ndipo akhale wopanda shuga kapena mtundu. Thirani magalamu 10 mpaka 15 m'madzi ozizira okwana mamililita 100, mudikire mphindi 5 kuti afufume, kenako mutenthetse pang'ono mukutakasa mpaka asungunuke, koma asawire. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: jelatini wofunda akakumana ndi mnofu wozizira kwambiri amagwirana nthawi yomweyo n'kupanga timibulu ndi tiulusi, ndipo chakudya chonse chimatsala chosamangika. Choncho musanamuthire, siyani mnofu wogayawo kwa kanthawi kuti kuzizira kuchepe, ndipo pothira muzitakasa mwachangu. Jelatini amasungunuka kutentha kukamayandikira madigiri 35, moti m'thanki ya discus, mmene madzi amakhala pa madigiri 28 mpaka 30, chakudya chimafewa msanga. Pa thanki yotere mungagwiritse ntchito agar, chomangira china chochokera ku ndere za m'nyanja, amene amafunika kuwiritsa kuti asungunuke koma akagwira sasungunukanso m'madzi ofunda.

Ikani chakudyacho m'timatumba ta pulasitiki totseka pakamwa, ndipo muchiphwathalalitse mpaka chikhale chopyapyala mamilimita 3 mpaka 5, mukutulutsa mpweya wonse musanatseke. Chopyapyala chimauma msanga mufiriza ndipo chimathyoka ndi zala, pamene chibulumwa chimafuna mpeni ndi mphamvu, ndipo mukamalimbana nacho chimakhala chikusungunuka. Ndi msana wa mpeni, dindani mizere yopingasa pamwamba pa thumba kuti pakhale timabokosi, chilichonse chokwana kudyetsa kamodzi. Matumbawo ayambe akhala mufiriji ola limodzi kapena awiri kuti jelatini agwire, kenako muwagoneke pathireyi mufiriza. Lembani deti pathumba lililonse, ndipo musakonze chochuluka kuposa chimene chingathe m'miyezi itatu. Mukaona madontho oyera ouma pachakudyacho, ndiye kuti mpweya unalowa, ndipo mbali imeneyo ndi yofunika kuidula n'kuitaya.

Podyetsa, thyolani kabokosi kamodzi n'kubwezera thumba mufiriza nthawi yomweyo. Kasungunuleni m'kapu ya madzi otunga m'thanki momwemo, mutaye madzi a m'kapuwo, kenako mupereke chimene nsomba zingamalize m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Chotsalira pansi chichotsedwe ndi kapaipi kokokera zinyalala, chifukwa mnofu ukamaola umatulutsa amoniya, amene amaononga makha a nsomba. Kabokosi kamene kasungunuka kale kasabwererenso mufiriza. Kudyetsa chakudyachi kawiri kapena katatu pa mlungu, mosinthanitsa ndi chouma, n'kokwanira. Nsomba zodya ndere, monga mbuna ndi Tropheus, zili ndi matumbo aatali ozolowera zomera ndipo zimatupa mimba zikachulukitsa nyama, choncho kwa zimenezi masamba ndi spirulina ndi amene achuluke, mnofu ukhale wongolawitsa.