Momwe mungasankhire pulogalamu yosungira maimelo a kuofesi kuti ma auditor akabwera musagwire njakata

Ndimayang'anira makompyuta pa bungwe lina laling'ono lobwereketsa ndalama, antchito sitikwana 40. Ntchito yosankha pulogalamu yosungira maimelo inagwera ine, ndipo pali pamalo pamodzi pamene ndinapunthwa kwambiri. Ndifotokoza momwe ndinayendera, koma pamenepo ndikhalitsapo.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Backup imakopa zimene zinalipo pa nthawi imene yathamanga, mwina usiku uliwonse. Imelo imene yalowa 9 koloko m'mawa n'kufufutidwa 10 koloko, backup ya usiku siiona. Archive imagwira imelo iliyonse pamene ikulowa kapena kutuluka, n'kuitsekera pamalo pamene mwini akauntiyo sangaisinthe kapena kuifufuta. Amene amafufuza mabuku amafuna yachiwiriyi.

Musanayang'ane pulogalamu iliyonse, dziwani zaka zimene lamulo likukuuzani kusunga. Ife a mabungwe a zachuma timamangidwa ndi Financial Crimes Act ya 2017, imene imafuna kuti zolemba za makasitomala ndi kayendedwe ka ndalama zisungidwe kwa zaka zosachepera 7, ndipo a Financial Intelligence Authority kapena a Reserve Bank akhoza kuzifuna. Maofesi a boma ali ndi Access to Information Act, imene inayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Nayo imanena zaka 7, kenako zolembazo zipite ku National Archives, imene likulu lake lili ku Zomba. Mbali inayi kuli Data Protection Act ya 2024, imene a MACRA akuyang'anira, ndipo mfundo yake ndi yoti zinthu zokhudza munthu musazisunge kupitirira nthawi imene zikufunikira. Ndiye pulogalamu yanu iyenera kudziwa zonse ziwiri, kusunga ndi kufufuta nthawi ikakwana. Ife tinagwirizana ndi loya wathu zaka 10 pa maimelo a ngongole, poti ngongole ina imatenga zaka 3 isanathe, ndipo mkangano umabuka pambuyo pake.

Kenako onani kumene maimelo anu amakhala. Ngati muli pa Microsoft 365, laisensi ya Business Premium imabwera kale ndi archive yake ya maimelo, Exchange Online Archiving. Pa Business Basic ndi Business Standard mumagula padera. Ngati muli pa Google Workspace, chida chake ndi Google Vault, chimene chili mu Business Plus kupita m'mwamba. Ambiri amalipira kampani ina chonsecho chinthucho anali nacho kale m'laisensi yawo. Koma ngati maimelo anu ali pa hosting ya cPanel, kutanthauza seva ya kampani yosunga webusayiti yanu, ndipo Outlook imawatsitsa ndi njira ya POP3, dziwani kuti nthawi zambiri maimelowo ali m'malaputopu a antchito, pa seva palibe. Sinthirani ku IMAP, njira imene imasiya maimelo pa seva, musanapitirire.

Amene safuna za mwezi ndi mwezi angayang'ane MailStore Server, ya ku Germany, imene mumaiika pa kompyuta ya Windows muofesi momwemo, kapena Piler, yaulere, imene imafuna munthu wodziwa Linux. MailStore Home ndi yaulere koma ndi ya pakhomo, laisensi yake siyilola kampani. Palinso Mimecast ndi Barracuda, zimene zimasunga pa intaneti. Ndi zabwino, koma ndi za makampani a matumba akuya. Za mtengo ndinene mosabisa: zogula zonsezi zimalipiridwa m'madola kapena ma euro. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bajeti yathu ya malaisensi inangosungunuka, ndipo kupeza forex ku banki nthawi yolipira ndi nkhondo ina payokha. Seva ya muofesi imakupulumutsani ku zimenezo, koma imafuna inverter ndi mabatire abwino, komanso kope lachiwiri losungidwa kunyumba ina, poti moto kapena akuba akalowa zonse zapita.

Chenjerani ndi anthu a pa Facebook ndi WhatsApp amene amagulitsa Office 365 yoti mulipira kamodzi moyo wonse. Maakaunti amenewo amakhala pansi pa bungwe la munthu wina, ndiye maimelo a makasitomala anu ali m'manja mwa mlendo amene angatseke tsiku lililonse. Wogulitsa aliyense amene akufuna kuti admin akhale iye yekha, inu osakupatsani, musiyeni.

Tsopano pamene ndinapunthwa. Pofuna kupulumutsa ndalama, tinagula laisensi ya archive pa Microsoft 365 ya anthu 12 okha: mabwana, a ku accounts ndi a compliance. Ndinawayatsira Litigation Hold, imene imasunga imelo iliyonse ngakhale mwini wake aifufute, ndinayesa, zonse zinali bwino. Ma loan officer tinawasiya, poganiza kuti ntchito yawo yambiri ndi ya pa foni ndi mafomu. Mmodzi wa iwo atasiya ntchito, a HR ananditumizira uthenga, ndipo sabata yomweyo ndinafufuta akaunti yake kuti laisensi ipite kwa wolowa m'malo mwake. Ndi momwe tinkachitira nthawi zonse.

Patapita miyezi 4, kasitomala wina anabwera ndi pepala losindikiza. Linali imelo yooneka ngati yochokera kwa loan officer uja, yomulola kudumpha miyezi iwiri osabweza ngongole popanda chilango. Ife m'mabuku tinali titamuwerengera kale chilangocho. Linali Lachisanu madzulo, anthu akutseka mawindo. Mayi a compliance anaima kumbuyo kwanga atagwira pepalalo, ine ndikulemba dzina la loan officer uja mu Purview, chida cha Microsoft chofufuzira maimelo osungidwa. Palibe. Ndinasintha madeti, ndinalemba dzina la kasitomala, ndinalemba nambala ya ngongole. Panatuluka maimelo awiri okha amene anakopera bwana wake, ndipo onsewo sanali okhudza nkhaniyi.

"Achimwene, ndiye tiwauza chiyani anthuwa?" anandifunsa chapansipansi.

"Mayi, akauntiyo ndinafufuta ndine," ndinawayankha.

Microsoft imasunga bokosi la munthu wofufutidwa kwa masiku 30, kenako limapita osabweranso. Izi zinalembedwa poyera, ndine amene sindinaziwerenge. Bokosilo likanakhala pa hold ndisanafufute akaunti, likanasanduka chimene amachitcha inactive mailbox, chimene chimasungika ngakhale laisensi mwaichotsa. Ndiye kuti ndalama imene ndinkapulumutsa inali ya mwezi umodzi wokha wa laisensi imodzi. Sitinathe kutsimikiza kapena kutsutsa pepala lija, chilango tinachichotsa, ndipo ma auditor anailemba nkhaniyi mu lipoti lawo. Chimene chimandiwawa kuposa ndalamazo n'chakuti mwina kasitomalayo ankanena zoona, ndipo tinamuyendetsa milungu itatu ngati wabodza.

Choncho gawo ili lichiteni motere. Aliyense amene amalemberana ndi makasitomala akhale mu archive, ngakhale maakaunti ogawana monga info ndi loans, osati mabwana okha. Munthu akamachoka, sinthani password, ikani hold, dikirani ionetse kuti yagwira, fufuzani imelo yake imodzi yakale muione ndi maso anu, kenako ndiye mufufute akaunti. Ndondomeko imeneyi ilembedwe pa fomu ya HR yotulukira ntchito, pakhale posainira inu. Amene muli pa Google musadzione otetezeka: mukafufuta munthu, Vault siisunga zinthu zake, ndipo muli ndi masiku 20 okha omubwezera. Njira yake ndi laisensi ya Archived User, imene imasunga zinthu za munthu wochoka. Kwa amene mukugwiritsa MailStore kapena Piler, yatsani journaling kuti kope la imelo iliyonse lizipita ku archive lisanafike n'komwe m'manja mwa munthu; pa Exchange Online, imelo ya Microsoft 365, makope amenewa amayenera kupita ku adiresi ya kunja, osati ku bokosi lina la Exchange Online lomwelo.

Maimelo akale sonkhanitsani mafayilo a PST, momwe Outlook imasungira maimelo, m'malaputopu onse n'kuwalowetsa. Werengani chiwerengero musanalowetse ndi mutalowetsa. Chitani usiku kapena Loweruka, intaneti ikakhala yopepuka.

Musanalipire, pemphani nthawi yoyesera. Fufuzani mawu amene ali mkati mwa PDF, yesani kufufuta imelo ngati admin muone ngati ikukanizani, ndipo tulutsani maimelo 100 ngati mafayilo a EML kapena PST. Funsani mtengo wotulutsira zonse tsiku limene mudzawasiye, aulembe mu mgwirizano, komanso akuuzeni dziko limene seva zawo zili, poti lamulo la 2024 lija limakhudzanso kutumiza zinthu za anthu kunja.

Ololedwa kuwerenga archive akhale awiri kapena atatu, ndipo pulogalamuyo izilemba amene watsegula chiyani. Antchito auzeni pa pepala kuti maimelo a kuntchito akusungidwa, asaine. Ine miyezi itatu iliyonse ndimasankha dzina la munthu amene anachoka kale n'kufufuza imelo yake imodzi, Mayi a compliance ali pomwepo.