Lenzi ya 50mm ya kamera yakale ya rangefinder: mugule iti osaboola m'thumba?

Ojambula anzanga, funso limene limandipeza kawirikawiri ndi lakuti: "Ndapeza kamera yakale ya filimu koma ilibe lenzi, ndigule iti?" Wina waipeza m'sutukesi ya agogo, wina waitola motchipa pa intaneti. Yankho langa limayamba ngati la mlangizi wa kumunda: musanagule mbewu, dziwani kaye nthaka yanu. Lenzi yabwino ndi imene ikugwirizana ndi kamera yanuyo ndipo magalasi ake ndi oyera. Dzina lotchuka limabwera pambuyo.

Choyamba onetsetsani ngati kamera yanu imalola kusintha lenzi n'komwe. Yashica Electro 35, Canonet QL17 ndi Olympus 35 RC ndi ma rangefinder abwino (makamera amene fokasi mumaipeza pokumanitsa zithunzi ziwiri m'zenera loonera), koma lenzi yake anaimangirira ku fakitale. Musalimbane nayo kuipotokola, muthyola. Malangizowa ndi a amene ali ndi Zorki, FED, Kiev, Leica, Canon P, Canon 7 kapena Voigtländer Bessa R.

Ndikuti 50mm chifukwa cha zenera loonera. Chithunzi cha pa filimu ya 35mm chimakhala 24mm ndi 36mm, ndipo kuchokera pa ngodya ina kupingasa kufika pa inzake ndi pafupifupi 43mm. Lenzi ya 50mm ili pafupi ndi muyezo umenewo, choncho zinthu zimaoneka monga momwe diso limazionera, osatalikitsa kapena kufupikitsa mtunda. Komanso pa Zorki, FED ndi ma Leica akale a mazinga, zenera loonera linapangidwa kuti lionetse malire a 50mm basi. Mukagula 35mm kapena 85mm mufunikanso kugula kazenera kena kokhazika pamwamba, ndalama inanso imeneyo.

Pamene ambiri amataya ndalama ndi pakamwa pa kamera

Chotsani chivindikiro muyang'ane pakamwa pomwe lenzi imalowa. Ngati pali mazinga ngati a bawuti, otambalala 39mm, kamera yanu ndi ya mtundu umene amati M39 kapena LTM. Anayambitsa ndi a Leica ku Wetzlar m'dziko la Germany, ndipo a FED ku Kharkiv, a KMZ ku Krasnogorsk amene ankapanga Zorki, ndi a Canon ku Japan anatengera. Pa makamera onsewa, mtunda wochokera pakamwa kufika pa filimu ndi 28.8mm. Ngati palibe mazinga koma lenzi imalowa ndi kukhotetsa pang'ono mpaka kumveka kuti tswa, ndiye Leica M, imene inayamba ndi M3 mu 1954. Mtunda wake ndi 27.8mm, ndipo kusiyana kwa milimita imodziyi anakuchita dala kuti kamphete kopyapyala ka adaputala kalole lenzi za mazinga kugwira ntchito pa M. Pa M3 ndi ena otsatira, gulani adaputala yolembedwa 50 kapena 50/75, chifukwa ndi yomwe imatulutsa mizere ya malire a 50mm m'zenera.

Kiev ndi nkhani ina. Inapangidwa ku fakitale ya Arsenal ku Kyiv potengera Contax ya Zeiss, ndipo lenzi yake ya 50mm ilibe chopotokolera fokasi chakechake chifukwa chili m'thupi la kamera. Jupiter-8 ya Kiev siingalowe pa Zorki ngakhale dzina ndi limodzi. Funsani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha kumbuyo kwa lenzi, osati kumaso kokha.

Msampha woopsa kwambiri ndi wa Zenit. Ma Zenit oyambirira nawonso ali ndi mazinga a 39mm, koma si ma rangefinder, ndipo mtunda wawo ndi 45.2mm. Lenzi yake imalowa bwinobwino pa Zorki, mazinga kugwirana ngati anabadwira pamodzi, koma palibe chimene chingaoneke bwino pa chithunzi chifukwa yakhala pafupi kwambiri ndi filimu ndi mamilimita oposa 16. Ine ndinagwamo. Ndinagula Industar-50 yooneka yatsopano, yaifupi mokongola, ndipo filimu yonse ya mafelemu 36 inatuluka mbuu. Industar-50 anaipanga pawiri: ya rangefinder ili ndi thupi lalitaliko kumbuyo, ya Zenit ndi yaphwatalala ngati chitumbuwa. Lenzi za makina okulitsira zithunzi mu darkroom nazonso zambiri ndi za 39mm, ndipo ogulitsa ena amangolemba "M39" osafotokoza. Safunsa anadya phula.

Zilipo zotani pamsika

Nambala ya f imanena kukula kwa khomo lolowera kuwala. Nambala ikachepa, khomo likula. Lenzi ya f/2 imalowetsa kuwala kowirikiza kawiri poyerekeza ndi ya f/2.8, ndipo mtengo umakwera nambala imeneyi ikamachepa. Dzifunseni moona mtima kuti mumajambula kuti. Ngati ndi panja masana, ndi dzuwa lathuli, nthawi zambiri mukhala pa f/8, f/11 kapena f/16, ndipo pamenepo lenzi yotchipa ndi yodula zimasiyana pang'ono kwambiri. Kulipira zambiri chifukwa cha f/1.5 imene simuigwiritsa ntchito kuli ngati kugula thirakitala ya dimba la mizere khumi.

Zotchipa kuposa zonse ndi za banja la Industar, zotengera kapangidwe ka Tessar kamene Paul Rudolph wa ku Zeiss anakonza mu 1902, magalasi anayi okha. Industar-61 L/D ya f/2.8, imene inkabwera ndi makamera a FED, ndi imene ndimauza oyamba kumene kuti agule. Imajambula mwakuthwa, mitundu imatuluka yolimba, ndipo mphete yake ya f imagwa ndi kaphokoso pa nambala iliyonse kotero siisuntha yokha m'chikwama. Vuto lake ndi girizi wakale amene amauma, mphete ya fokasi n'kumalimba ngati mpopi wa dzimbiri. Zimenezo zimakonzeka. Industar-22 ya f/3.5 imalowa mkati mwa kamera mukamaliza kujambula, kamera n'kukwana m'thumba la jekete, koma kusintha f kwake n'kovuta chifukwa kamphete kali kumaso kwenikweni, pafupi ndi galasi, ndipo chala chimasiya chidindo.

Kenako Jupiter-8, 50mm f/2. Iyi ndi mwana wa Sonnar, lenzi ya Zeiss yokonzedwa ndi Ludwig Bertele. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, a Soviet Union anatenga makina ndi mapulani a Zeiss n'kuyamba kupanga zawo. Imabwera kawirikawiri ndi Zorki-4, kamera imene inapangidwa kuyambira 1956 mpaka 1973. Pa f/2 imafewetsa nkhope mokoma ndipo kumbuyo kwa munthu kumasungunuka bwino, pa f/5.6 imathwa. Ngati mumakonda kujambula anthu pakhonde kapena m'tchalitchi, iyi ndiyo yanu. Thupi lake ndi la aluminiyamu wofewa, ndiye zambiri zimakhala zoperepeseka, ndipo mphete ya f ilibe pogwera, imatha kusuntha osadziwa. Dziwaninso kuti Jupiter-8 ziwiri sizifanana: ina yabwino zedi, ina inamasulidwa ndi munthu wosadziwa n'kubwezedwa molakwika. Pa lenzi zambiri za KMZ, manambala awiri oyamba a siriyo amanena chaka chimene inapangidwa. Mkulu wake, Jupiter-3 ya f/1.5, anakwera mtengo moti sindimuikanso m'gulu la zotchipa.

Pano pali mfundo imene ogulitsa sanena. Kumbuyo kwa lenzi kuli mkombero umene umakankha kamkono mkati mwa kamera, ndipo kamkonoko ndi kamene kamayendetsa kachigamba ka zithunzi ziwiri m'zenera lanu. Leica ndi Canon anawerengera kuti lenzi ya "50mm" ndi 51.6mm kwenikweni. Lenzi za ku Soviet zinatsata muyezo wa Contax, pafupifupi 52.4mm. Pa zinthu zakutali simungaone kusiyana. Koma mukaika Jupiter-8 pa Leica kapena Canon, n'kuima mita imodzi kuchokera kwa munthu, pa f/2, fokasi imagwera kumbuyo pang'ono: mwalunjika diso, lathwa ndi khutu. Mukatseka kufika f/4 kapena f/5.6 vutoli limabisika. Amisiri amatha kuikamo kamphete kopyapyala kuti ligwirizane, koma malipiro a mmisiri akhoza kuposa mtengo wa lenzi. Mwambo wanga ndi wosavuta: lenzi ya Soviet pa kamera ya Soviet, ya Japan kapena Germany pa Leica, Canon ndi Bessa.

Ndiye amene muli ndi Canon P, Canon 7 kapena Leica, yang'anani Canon 50mm f/1.8. Inatuluka mu 1951 ndi dzina la Serenar, yokonzedwa ndi Hiroshi Ito, ndipo inapangidwa yambiri kotero mtengo wake sunapenge. Kwa ine ndi lenzi imene imabweza ndalama yanu mokwana kuposa ina iliyonse ya mazinga. Yoyambirira ya chrome ndi yolemera koma yolimba. Yakuda imene inabwera pambuyo ndi yopepuka, koma imadziwika ndi chifunga pa galasi la kuseri kwa timasamba ta khomo la kuwala, ndipo chifungacho chikakhalitsa chimadya galasi, sichipukutika. Fyuluta yake ndi ya 40mm, saizi yosowa, pamene Jupiter-8 ndi Industar-61 zimalandira 40.5mm imene imapezeka mosavuta.

Za Leica zenizeni ndidutsapo mwachangu. Elmar 50mm f/3.5 ya Max Berek ndi Summitar f/2 ya 1939 ndi zimene munthu wamba angazifikire; Summicron, imene inayamba mu 1953, musiyire a matumba akuya. Summar ili ndi galasi lakumaso lofewa moti zambiri zinakandika ndi kupukutidwa. Ndipo chenjerani ndi zachinyengo: pali ma Zorki ndi ma FED ambiri opakidwa golide n'kuzokotedwa dzina la Leica, lenzi ya Industar n'kulembedwa Elmar. Amene akufuna lenzi yosakalamba, Voigtländer Color-Skopar 50mm f/2.5 yopangidwa ndi Cosina ku Japan ndi ya mazinga omwewa, koma mtengo wake uli pamwamba pa Canon.

Kuyeza musanapereke ndalama

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Thupi lonyezimira lisakunamizeni. Tsegulani khomo la kuwala mpaka kumapeto, yatsani tochi ya foni kuseri kwa lenzi mopendekera, ndipo yang'anani kuchokera kumaso, osalunjika diso pa kuwalako. Timafumbi tochepa ndi timathovu tating'ono m'galasi lakale sizivuta, musasiye lenzi yabwino chifukwa cha izo. Chifunga chotuwa ndiye choipa, chimapha mitundu ndipo mukajambula moyang'anana ndi dzuwa chithunzi chonse chimayera. Timizere tonga ukonde wa kangaude ndi chuku chomera pa galasi, chimenecho chisiyeni. Mtundu wonga utawaleza m'mphepete ukutanthauza kuti guluu womata magalasi awiri wayamba kulekana. Kukandika kumodzi kumaso sikuoneka pa chithunzi, koma timikwasu tambirimbiri tozungulira ta kupukuta ndi malaya timachita ngati chifunga chomwe, ndipo galasi lakumbuyo likakandika ndi nkhani yaikulu kuposa lakumaso.

Mafuta pang'ono pa timasamba si vuto lalikulu pa rangefinder, chifukwa timasambato timayenda ndi dzanja lanu, osati ndi sipuling'i. Komabe mafuta omwewo ndi amene amauluka kukatentha n'kukhala chifunga, ndiye tsitsani nawo mtengo.

Pomanga lenzi pa Zorki kapena FED, ipotokoleni kaye ifike pa mita imodzi kuti mkombero wakumbuyo ubwerere mkati usagunde kamkono molakwika. Mazinga akakana, musakakamize. Ikalowa, lozani chinthu chakutali kwambiri, monga nsonga ya phiri kapena nsanja ya netiweki, n'kupotokola mpaka pa chizindikiro cha ∞. Zithunzi ziwiri zija zikumane ndendende. Kenaka ikani kamera pa tebulo, tsegulani kumbuyo, matani tepi yosaonekera bwino ija kapena pepala lopyapyala pamene filimu imadutsa, ikani shatala pa B kuti ikhale yotsegula pamene mwadina batani, ndipo onani ndi galasi lokulitsira ngati chimene zenera likunena kuti chathwa chathwadi. Pa ma Leica akale ndi Zorki-1 amene filimu imalowera pansi simungatsegule kumbuyo, muyeso ndi filimu yeniyeniyo basi.

Lenzi zolowa mkati zija musazilowetse pa Bessa, Leica M5 kapena CL musanatsimikize. Zikhoza kugunda shatala kapena kamkono koyezera kuwala.

Pogula pa eBay kapena kwa ogulitsa akunja, werengerani mtengo wotumizira ndi msonkho wa pa kasitomu, chifukwa pa Industar, ndalama ziwirizi zikhoza kuposa mtengo wa lenzi. Nthawi zina kugula kamera yakufa yokhala ndi lenzi yake kumatchipa kuposa lenzi payokha. Sankhani wogulitsa wolola kubweza.

Ikafika, iteteze ku chinyezi. M'miyezi ya mvula, makamaka kumadera onyowa monga Mulanje ndi Nkhata Bay, lenzi yosungidwa m'chikwama chake chachikopa imamera chuku msanga. Iikeni m'bokosi lapulasitiki lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tonga timene timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo muzitiumitsa padzuwa nthawi ndi nthawi. Dzuwa nalo lili ndi zake: Zorki, FED ndi Leica zili ndi shatala yansalu, ndipo palibe kalilole pakati pa lenzi ndi nsaluyo. Mukasiya kamera chagada padzuwa la Okutobala popanda chivindikiro, lenzi imasonkhanitsa kuwala n'kuboola nsalu monga ana amayatsira pepala ndi galasi.

Filimu yoyamba ikhale yoyesera. Yalani rula kapena tepi yoyezera pa tebulo mopendekera, lunjikani pa nambala imodzi muli pa mita imodzi, jambulani pa f/2, f/2.8, f/4 ndi f/5.6, kenaka bwerezani pa mamita atatu, ndipo lembani felemu iliyonse m'kope. Mukatsukitsa muona nambala imene yathwa, ndipo mudziwa ngati lenziyo ndi yosunga kapena yobweza nthawi yobwezera isanathe.