Mmene mungayendere mu Seoul osataya ndalama pachabe

Musananyamuke, sinthiranitu makwacha kukhala madola, chifukwa ku Korea palibe amene angakulandireni kwacha. Tenganinso adaputa: masoketi akumeneko ndi a mabowo awiri ozungulira, chaja ya mano atatu siilowa. Mu foni ikanimo Naver Map, ndi imene eni dziko amayendera.

Mukatera pa bwalo la ndege la Incheon, sinthani ndalama zochepa chabe. Osintha ndalama a ku Myeongdong, dera la masitolo mkati mwa Seoul, amapereka mtengo wabwinoko. Kenako lowani mu kasitolo ka CU kapena GS25 mugule T-money, khadi lolipirira basi ndi sitima, muikemo 20,000 won (won ndi ndalama yakumeneko). Pamenepa amafuna ndalama zapamanja, khadi la kubanki sililoledwa. Sitima ya AREX yoima pa siteshoni iliyonse imakufikitsani ku Seoul Station pa ola limodzi, pa mtengo wosafika theka la wa sitima ina ya AREX, yachangu.

Pamene alendo ambiri amalumidwa ndi pa basi. Khadi limagunditsidwa kawiri, pokwera ndi potsika, ndipo kamakina kachiwiriko kali pa chitseko chakumbuyo. Mukagunditsa potsika ndi kukwera basi ina kapena sitima ya pansi pa nthaka mphindi 30 zisanathe, makina amauwerenga ngati ulendo umodzi, mumangowonjezera pang'ono malinga ndi mtunda. Mukaiwala, mulipiranso mtengo wonse, nthawi zina ndi kachilango pamwamba. Kutsika n'kukweranso basi ya nambala yomweyo sikuwerengedwa. Dikirani kamakinako kalire, anthu akukankheni bwanji. Khadi mulitulutse m'chikwama, chifukwa likaphatikana ndi makhadi ena makina amakana. Ndipo ngati muli awiri, aliyense akhale ndi lake. Geti la sitima silidutsitsa anthu awiri pa khadi limodzi.

Zokaona yambani ndi Gyeongbokgung, nyumba yachifumu yomangidwa mu 1395. Kwerani sitima ya pansi pa nthaka ya Line 3, mutsike pa siteshoni ya Gyeongbokgung, mutulukire pa khomo nambala 5. Lachiwiri amatseka. Polowa ndi 3,000 won, koma wovala hanbok, chovala chachikhalidwe cha ku Korea, amalowa ulere, ngakhale kubwereka chovalacho kumadula kuposa tikiti, ndiye bwerekani ngati mukufuna zithunzi basi. Alonda amasinthana 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana. Kuchokera apo, ku dera la nyumba zakale la Bukchon n'koyenda pansi. M'nyumba zakalezo mumakhala anthu, choncho m'misewu ina alendo saloledwa ikakwana 5 koloko madzulo.

Njala ikakupwetekani pitani ku msika wa Gwangjang, pa siteshoni ya Jongno 5-ga. Yesani bindaetteok, chitumbuwa chachikulu cha mphodza zopera chokazingidwa mukuona. Funsani mtengo musanakhale pa benchi, ndipo lozani chimene mukufuna pa mndandanda. Ogulitsa ena amathira zomwe simunaitanitse n'kukulipiritsani. M'malesitilanti, timbale ta kimchi (masamba owawasa othira tsabola) ndi ndiwo zina n'taulere, mutha kupempha kuwonjezera. Madzi nawonso saagulitsa, ndipo ya pamwamba kwa woperekera zakudya kulibe. Malo ambiri owotcha nyama pa tebulo amafuna muitanitse ya anthu awiri, ngakhale muli nokha.

Pogula zinthu yendani ndi pasipoti: m'masitolo olembedwa Tax Free, mukagula za 15,000 won kupita m'mwamba amakubwezerani msonkho. Zodzola ku Myeongdong, ziwiya ndi mphatso ku Namdaemun, zovala za pikulitsa ku Dongdaemun usiku. Zikwama za mayina otchuka zoyalidwa m'mphepete mwa msewu n'zabodza, zisiyeni.

Phiri la Namsan ndi nsanja yake musiyire tsiku lomaliza, dzuwa likamalowa.