Kusunga thumba la okestra yaing'ono muno mu Lusaka ndi kusankha nyimbo zimene mungakwanitse

Ndine msungichuma wa kagulu koimba ndi zida kamene kamakumana Loweruka masana m'holo ya tchalitchi china ku Chilenje. Tikabwera tonse timakwana 34: aphunzitsi, manesi, ana a sukulu, ndi madala awiri opuma pa ntchito amene anaphunzira lipenga ku usilikali. Palibe amalandira malipiro, ndipo ndalama ikatsala imabwerera m'gulu. Ine ndimaimba viyola, koma chimene chimandisowetsa tulo ndi buku la ndalama. Alamu anga a ku Chipata akufuna kuyambitsa gulu lotere ndipo akhala akundifunsa pa foni mafunso osatha, ndiye ndati ndilembe zonse pamodzi kuti ena aonenso.

Choyamba, msungichuma asasowe pa tebulo tsiku limene a kondakita akusankha nyimbo. (Ndikunena wotsogolera oimba, osati wa minibasi ya ku Matero, ngakhale onse awiri amakonda kukweza mawu.) Nyimbo iliyonse imene mwasankha imabwera ndi mtengo wake, ndipo mtengowo walembedwa pa tsamba loyamba la buku la nyimbo, pamene pali ndandanda ya zida. Tengani simfone (nyimbo yaitali ya zigawo zingapo yoimbidwa ndi okestra yonse) yachisanu ya Beethoven, imene anthu anaimva koyamba ku Vienna mu 1808. Imafuna ma oboe awiri, ma bassoon awiri, ma horn awiri, malipenga awiri ndi ng'oma za timpani, ndipo gawo lomaliza limawonjezera ma trombone atatu, piccolo ndi contrabassoon. Yachisanu ndi chinayi ndiye musaiyandikire n'komwe: kwaya yonse, oimba paokha anayi, ndi nthawi yopitirira ola. Koma Eine kleine Nachtmusik ya Mozart, ya mu 1787, imangofuna zida za nsambo basi, ndipo mphindi 20 mwatha. Ndiye werengani anthu amene muli nawo ndi zida zimene zikulira bwino lero, kenako mufune nyimbo yokwana m'menemo.

Ife tinaphunzira izi ndi misozi. Chaka china a kondakita anaumirira simfone yofuna oboe, chida chimene tinalibe. Tinaitana woimba wochokera kutali: basi yobwera ndi yobwerera, malo ogona masiku atatu, chakudya, ndi kena kake ka m'thumba. Anaimba mokoma, sindikana, koma nditawerengetsa ndinapeza kuti matiketi a mizere inayi yakutsogolo anathera pa munthu mmodzi. Masiku ano mawu a oboe timapatsa fuluti kapena kilarineti. Mukapatsa kilarineti ya B flat, kumbukirani kuti imalira motsika ndi sitepe imodzi, choncho wina akhale pansi alembenso manotsi onse mokweza ndi sitepe imodzi. Mukaiwala, mudzamva nokha pa pulakatisi yoyamba.

Tsopano matiketi. Musadzinamize kuti adzalipira zonse. Ngakhale maokestra ambiri akuluakulu a ku America sapeza theka la ndalama zawo pa matiketi, zotsalazo zimachokera kwa opereka. Akatswiri awiri a zachuma, William Baumol ndi William Bowen, anafotokoza chifukwa chake mu 1966: fakitale ikagula makina imapanga katundu wambiri ndi anthu ochepa, koma nyimbo imene inalembedwera anthu anayi imafunabe anthu anayi ndi mphindi zomwezo mpaka lero, pamene basi, holo ndi nsima zikukwera mtengo. Nditamva zimenezi mtima unakhala pansi, chifukwa ndinkaganiza kuti vuto ndi masamu anga.

Mawerengedwe anga ndi awa, ndipo manambalawa ndi ongoyerekeza, inu ikanipo anu. Tinene kuti holo ili ndi mipando 300. Chotsanipo 40 ya alendo oitanidwa, opereka, ndi abale amene adzalowa ulere ngakhale mukane bwanji. Pa 260 yotsalayo werengerani theka lokha, 130. Tiketi ikakhala K100, ndiye kuti muli ndi K13,000. Tsopano onani thiransipoti yokha: anthu 30, aliyense K30, mapulakatisi 8, yapita K7,200 musanalipire holo, musanasindikize kapepala, musanabwereke galimoto yonyamula timpani ndi double bass. Bajeti yanu muimange pa holo yodzaza theka. Ikadzaza yonse, zowonjezerazo n'zogulira nsambo.

Ndalama ya thiransipoti musaichotse pa bajeti ngakhale zitathina. Mwana wa ku Kanyama kapena ku Chawama amakwera mabasi awiri kuti afike ku Chilenje, ndipo sadzakuuzani kuti alibe ndalama. Adzangosiya kubwera, inu n'kumati ndi waulesi. Ine ndimaika ndalamazo m'timaenvulopu Lachisanu usiku, aliyense amasaina polandira, ndipo amene safuna amabweza mwakachetechete m'kabokosi pakhomo.

Nanga mpata wotsalawo mudzautseka ndi chiyani? Ife tili ndi zopereka za mwezi ndi mwezi za mamembala ogwira ntchito, zochepa koma zodalirika ngati chilimba. Tili ndi maganyu: anthu anayi a nsambo amakaimba pa ukwati kapena pa phwando la kampani, ndipo tinagwirizana molemba kuti gawo lakutilakuti limalowa m'thumba la gulu, popeza zida ndi manotsi ndi za gulu. Gwirizanani zimenezi ganyu isanapezeke, chifukwa ikapezeka kale aliyense amakhala loya. Ndiye pali makampani, maofesi a akazembe, ndi anthu akufuna kwabwino. Kalata yopempha ipite chaka chisanathe, iwo asanatseke bajeti yawo, ndipo pemphani chinthu chooneka: kulipira holo, kusindikiza mapologalamu, kugula machelo (zida za nsambo zokulirapo kuposa vayolini) awiri a ana. Wosindikiza amavomera msanga kukupatsani mapepala 300 kusiyana ndi kukupatsani ndalama, ndipo kwa inu n'chimodzimodzi.

Koma lonjezo musalilembe m'buku ngati ndalama. Kampani ina inatilonjeza kulipira holo, ife n'kuika chizindikiro chake pa zikwangwani zonse, bwana wawo n'kukhala kutsogolo akuomba m'manja kuposa aliyense. Ndalama inabwera patapita miyezi isanu ndi iwiri, nditatha nsapato m'makonde a ofesi yawo, ndipo holo tinailipira ndi ndalama ya m'thumba mwa a wapampando. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Tsopano chizindikiro chimapita kwa wosindikiza pokhapokha ndalama ikaoneka ku banki. Ndipo zivute zitani, kaloba ayi. Kuli bwino kuchepetsa konsati kusiyana ndi kukongola ndalama yobereka ana mwezi uliwonse.

Za mapepala a boma ndinena mwachidule. Lembetsani gulu, kaya kwa Registrar of Societies kapena ku PACRA, ofesi yolembetsa makampani, ngati kampani yosagawa phindu, ndipo muzipereka malipoti a chaka ndi chaka pa nthawi yake. Tengani TPIN, nambala ya msonkho, ku ZRA, dzidziwikitseni ku National Arts Council, tsegulani akaunti ya gulu imene amasaina awiri mwa anthu atatu. Nambala ya Airtel Money kapena MTN yolandirira matiketi ikhale ya gulu, isakhale ya msungichuma. Ndikunena ine mwini: ndalama ya gulu ikasakanikirana ndi ya ndiwo, ngakhale munthu wokhulupirika amasokonezeka. Ndalama imene wopereka wanena kuti ndi ya zida za ana ikhale ndi tsamba lakelake, musaibwereke kulipirira holo n'kumati tidzabweza.

Manotsi nawo ndi ndalama. Lamulo la Zambia limateteza nyimbo mpaka zaka 50 mwini wake atamwalira. Handel anamwalira mu 1759, Mozart mu 1791, ndiye nyimbo zawo mungazitenge ulere pa IMSLP, tsamba la pa intaneti losunga manotsi a nyimbo zakale, n'kusindikiza. Chimodzimodzi Samuel Coleridge-Taylor, wobadwira ku London kwa bambo wa ku Sierra Leone, amene anamwalira mu 1912, ndi Joseph Bologne wa ku Guadeloupe, amene anamwalira mu 1799. Awiriwa ndimawakonda pa pologalamu chifukwa ana athu amatukula mutu akaona nkhope zawo pa pepala. Koma African Suite ya Fela Sowande wa ku Nigeria, ngakhale ndi ya nsambo ndipo ingatiyenere bwino, mwini wake anamwalira mu 1987, choncho pali eni ake oyenera kulipidwa. Nyimbo za oimba a kuno, funsani ku ZAMCOPS, bungwe loteteza ufulu wa eni nyimbo, musanaike pa chikwangwani. Samalaninso kuti nyimbo yakale imene wina waikonza posachedwa, makonzedwewo ndi ake. Konsati ikatha, munthu mmodzi aime pakhomo kutolera mafoda onse. Manotsi amene oimba alembamo ndi pensulo ndi chuma, chaka chamawa adzakupulumutsirani mapulakatisi awiri.

Kasanjidwe ka tsikulo. Yambani ndi nyimbo imene gulu lingaimbe lili m'tulo, chifukwa mphindi zisanu zoyamba manja amanjenjemera ndipo anthu ochedwa akadali kukoka mipando. Yovuta ibwere yachiwiri, milomo ya oliza malipenga isanatope. Gawo loyamba lisapitirire mphindi 40. Pomaliza ikani imene anthu adzatuluka akuing'ung'udza.

Ngati mukufuna holo idzaze, itanani kwaya. Woimba kwaya aliyense amabwera ndi amake, azakhali ake ndi anansi, ndipo Lusaka ndi mzinda wa makwaya. N'chifukwa chake zigawo za Messiah ya Handel mu December sizitigwetsa. Ndipotu nyimboyi inaimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742 pofuna kupeza ndalama zothandizira odwala ndi anthu omangidwa chifukwa cha ngongole, ndiye musachite manyazi kuigwiritsa ntchito yodzazira thumba. Phindu la December ndi limene limalipira konsati ya pakati pa chaka imene a kondakita amaikamo zokonda mtima wawo.

Pali chinthu chimodzi chimene ine ndi anzanga ena m'komiti sitigwirizana. Iwo amafuna nyimbo za kwathu zikhale kanyimbo kamodzi kotsanzikira, ngati mchere wowaza pamwamba. Ine ndimati zikhale pakati pa pologalamu, ndipo wozikonza alipidwe ndalama yolembedwa m'bajeti. Tinapempha mnyamata wina wophunzira nyimbo ku koleji ya Evelyn Hone kuti atikonzere nyimbo zitatu za pamtondo zimene agogo ake ankaimba ku Katete, za nsambo, fuluti ndi ng'oma ziwiri. Anazilemba molingana ndi anthu amene tili nawo, palibe chida chobwereka, ndipo ndi zathu mpaka kalekale. Tsiku limenelo amayi ena kumbuyo anayamba kuvomera nyimbo chelo itangoyamba, nthungululu n'kumveka. A kondakita anatembenuka, ndinaganiza kuti akwiya, koma anangowakodola kuti apitirize. Asanayambe nyimbo iliyonse, wina anene mawu awiri atatu m'Chinyanja ndi m'Chingerezi, kuti iyi ikunena chiyani ndipo mumvetsere chida chiti. Anthu akaomba m'manja pakati pa zigawo, asiyeni, analipira.

Tsiku lenilenilo lisankheni ndi kalendala ya Lusaka m'manja. January anthu alibe ndalama, zapita ku mayunifolomu ndi ngongole za Khirisimasi. Loweruka loyandikira malipiro a kumapeto kwa mwezi ndiye labwino, bola Chipolopolo isakhale ikusewera. Yambani 15:00 kuti wa ku Matero kapena ku Mtendere apeze basi kusanade, komanso kuti magetsi akazima muzionabe manotsi. Ngati mwabwereka jenereta, iikeni kutali kuseri kwa mpanda ndi chingwe chachitali. Nyengo ya mvula yang'anani denga musanalipire holo. Ife tinaimbapo gawo lofatsa la mavayolini pansi pa malata opanda siling'i mu February, mvula n'kuyamba. Anthu ankangoona mauta akukwera ndi kutsika, phokoso lonse ndi la padenga, ndipo tinaima mphindi 20 tikuyang'anana. Malo ngati Lusaka Playhouse kapena Cathedral of the Holy Cross afunseni miyezi ingapo patsogolo, ndipo mufunsitse ngati mtengowo ukuphatikiza pulakatisi yomaliza ya m'mawa, mipando ndi mlonda.

Kutentha ndi kuuma kwa October kumavutitsa zida za mtengo: zikhomo zimaterereka, nsambo zimamasuka, matabwa amang'aluka. Musasiye vayolini m'galimoto yoima padzuwa ngakhale kwa theka la ola. Nsambo zabwino, timabango ta makilarineti ndi ubweya wa mauta zimachokera kunja, mitengo yake imatsata dola, choncho pa ndalama iliyonse yolowa ife timapatula gawo limodzi mwa magawo khumi la zida zokha, ndipo wina akamapita ku Johannesburg timamupatsa ndandanda. Ndikayamba kudandaula ndimakumbukira a Orchestre Symphonique Kimbanguiste ku Kinshasa, amene Armand Diangienda anawayambitsa mu 1994. Iwo anafika podzipangira zida okha ndi kumanga waya wa mabuleki a njinga m'malo mwa nsambo.

Konsati ikatha, ndalama ya pakhomo muiwerenge usiku womwewo, anthu awiri, m'chipinda chotseka, mukuyerekeza ndi ziduswa za matiketi ndi mauthenga a pa foni ya gulu. Nonse musaine, Lolemba m'mawa ipite ku banki. Loweruka lotsatira, tisanatsegule mabokosi a zida, ndimaimirira ndi pepala limodzi n'kuwerenga mokweza: zinalowa izi, zinatuluka izi, zatsala izi, amene sanatilipire ndi awa. Marisiti onse amakhala m'faelo pa tebulo kuti wofuna aone. Zimatenga mphindi zisanu, kenako a kondakita amatulutsa ndandanda ya nyimbo za konsati yotsatira, ine n'kutsegula tsamba loyamba kuwerenga ma oboe.