Makangaza: kadyedwe kake ndi mankhwala a m'makoko

Pa mtengo wa makangaza pali njere, makoko ndi mizu, ndipo mphamvu zake si zofanana. Njere ndi chakudya, makoko ndi mankhwala ofuna muyeso, koma mizu ndi khungwa la mtengo zisiyeni: muli poizoni wotchedwa pelletierine yemwe amasanzitsa, kuchititsa chizungulire ngakhale kusokoneza maso. Kale ankaphera njoka zam'mimba, koma lero kuli mankhwala abwino a kuchipatala.

Posankha, tengani khangaza lolemera m'manja, lakhungu lolimba. Kulemerako ndiye madzi. Dulani kachipewa kapamwamba, kenaka chekani khungu pang'ono motsatira mizere yotukuka, mpeni usafike kunjere. Linyemereni m'mbale ya madzi n'kumasula njere ndi zala. Mudzaona njere zofiirazo zikumira pamene tinembanemba toyera tikuyandama, ndipo mungotiyoola. Njirayi imatetezanso zovala, chifukwa madzi a makangaza akadontha pansalu sachoka msanga.

Magalamu 100 a njerezi amakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 10 a vitamini C, magalamu 4 a zakudya zothandiza chimbudzi kufewa, potaziyamu komanso vitamini K. Tafunani ndi kamtima kolimba kam'kati komwe, poti zofewetsa chimbudzizo zili mmenemo. Ongoyamwa madzi n'kulavula amataya gawo labwino. Theka la kapu patsiku ndi lokwanira. Zotsala muike m'chotsekera, m'firiji, osapitirira masiku asanu.

Mukafuna juwisi, ikani njere m'kansalu koyera n'kufinya. Ngati mukupera m'makina, musapitirire masekondi ochepa, apo ayi njere zimanyenyeka ndipo juwisi amawawa. Juwisiyu amatha kutsitsako pang'ono kuthamanga kwa magazi, koma salowa m'malo mwa mapiritsi. Odwala shuga adye njere m'malo momwa juwisi, ndipo asathiremo shuga.

Makoko ndiwo anthu ambiri amataya, chikhalirecho ndimo muli ma tannin ochuluka, aja amaumitsa mkamwa mukaluma khungu. Atsukeni, palani choyera cham'kati, muwadule tizidutswa n'kuyanika pamthunzi podutsa mphepo mpaka azithyoka kuti thyo. Akangopindika, ndiye kuti sanaume, ndipo mukawatsekera m'botolo amachita nkhungu, otero atayeni. Wiritsani sipuni yaing'ono imodzi ya makoko osinja m'kapu imodzi ya madzi kwa mphindi 10, sefani, mudikire azizire. Madziwa ndi abwino pochukucha mkamwa nkhama zikatupa kapena pakhosi pakamakanda: kawiri patsiku, n'kulavula.

Munthu wamkulu amene watsegula m'mimba pang'ono atha kumwa theka la kapu kawiri patsiku, kwa masiku awiri basi. Mukachulukitsa, m'mimba mumamanga ndipo mumachita nseru. Makoko sabwezera madzi ndi mchere zomwe thupi lataya, choncho ORS, madzi a mchere ndi shuga aja amamwetsa otsegula m'mimba, asasowe pambali. Ana aang'ono ndi amayi oyembekezera asamwe madzi a makokowa. Chimbudzi chikakhala ndi magazi, thupi likatentha, kapena wodwala akafooka, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Amene mukumwa warfarin (woletsa magazi kuundana), kapena mankhwala a kuthamanga kwa magazi kapena otsitsa mafuta m'magazi, funsani dokotala musanayambe kumwa juwisiyu tsiku ndi tsiku, chifukwa amatha kusintha momwe mankhwalawo amagwirira ntchito m'thupi.